Pepani Safolera Nyumba

Kwathu kuno kwa Kaphuka mlandu sutha ndi pakamwa pokha. Ng'ombe zako zikalowa m'munda mwa mnzako, mudzakhala pabwalo, ankhoswe adzalankhula, anyakwawa adzafunsa uku ndi uku, iwe udzagwada ndi kuomba m'manja. Koma anthu sabalalika asanamve kuti ubweza zitini zingati za chimanga, nanga nkhuku ya amfumu ifika liti. Ukapereka m'pamene wolakwiridwa amati zatha, ndipo mawa lake mkazi wake angathe kudzapala moto kwanu. Makolo adaziona kale izi pamene adati pepani sapoletsa chilonda. Sikuti ankanyoza kupepesa, iyayi. Mawu amalambula njira, koma m'njiramo muyenera kudutsa kanthu kogwirika ndi manja.

Zimenezi zimandibwerera ndikamamva pa wailesi za mtendere, umodzi ndi kuyanjana kwa mitundu. Mu 2020 boma lidafika pokhazikitsa unduna woona za umodzi, ndipo akuluakulu a mipingo ndi a ndale amakumana m'mahotela a ku Lilongwe n'kugwirana chanza pamaso pa atolankhani. Zabwino zonsezo. Langa ndi funso la munthu wa kumudzi: wolakwiridwa uja agona pati usiku uno? Ndikufunsa chotero chifukwa m'dziko muno, kuyambira kale, wamphamvu akafuna kuthyola munthu ankayambira pa nyumba yake.

Atsamunda msonkho wawo adauika pa nyumba. M'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, denga lililonse linkalipira masheleni atatu. Pambuyo pake adaukweza, nati amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu alipire theka lokha, ndiye kuti denga lako lomwe ndi limene linkakupirikitsira ku esiteti. Wolephera kulipira ankamuotchera nyumba, pena kumugwirira mkazi mpaka ndalama ioneke. Agogo athu ambiri adalowera ku Salisbury ndi ku Joni kukasaka ya msonkho, ena nasanduka matchona komweko. Kummwera, ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu, zidaposa pamenepo. Malo aakulu adalembedwa m'mapepala a azungu owerengeka, ndipo munthu ankalipira pomwe waimika nyumba yake pogwira thangata. Ukakana, akugwetsera nyumba, iwe ndi ana ako pa msewu. Thangata lidatha mwalamulo mu 1962, patangotsala zaka ziwiri kuti tidzilamulire.

John Chilembwe adaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia ku America, kumene adaona ndi maso ake momwe anthu akuda ankakhalira ukapolo utatha pa pepala. Atabwerako mu 1900 adamanga mishoni yake ku Mbombwe, nalandira amishoni akuda a ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLaney, kudzathandizana naye. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, manijala William Jervis Livingstone ankaotcha timatchalitchi ta udzu tomwe anthu a Chilembwe ankamanga. Za kuukira kwa Chilembwe ndi anthu ake pa 23 Januwale 1915 ana a sukulu amazidziwa. Chomwe sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti boma litagonjetsa anthu aja, lidaphulitsa tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe ndi kuotcha midzi ya oganiziridwa. Ngakhale ku Kabula, mzungu anali ndi dera lake, mmwenye lake, wakuda ku Ndirande, ndipo wakudayo akakumana ndi mzungu pa msewu ankayenera kuvula chipewa.

Koma anyani sasekana zikundu. Mbendera itasintha pa 6 Julayi 1964, machesi adangosintha manja. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 ndi mu 1975 adazunzidwa koopsa chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Owaotchera nyumba ndi nkhokwe sanali azungu. Anali achinyamata a m'dera momwemo, ovala malaya ofiira, ena a iwo ana a alongo awo. Anthu masauzande ambiri adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena kutsidya kwa malire athu ano ku Mozambique, ena adatsekeredwa ku Dzaleka. M'zaka zomwezo amwenye adauzidwa kuti achoke m'midzi ndi m'matauni aang'ono, akachitire malonda m'mizinda ikuluikulu. Ambiri adaomba m'manja, pokumbukira masikelo ena omwe ankabera mlimi. Komatu wochotsedwayo nthawi zambiri anali wobadwira konkuno, wolankhula Chichewa kuyambira ali wakhanda, ndipo masitolo ena omwe adasiya adangosanduka mabwinja. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo, kusiya nyumba, minda, ena ngakhale mabanja. Yonseyi ndi milandu, ndipo mlandu suola.

Titavota pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, dziko lidalandira malamulo aakulu atsopano. Gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali, chuma kapena kobadwira. Olembawo mwambo wa pabwalo ankaudziwa, chifukwa sadalekere pa mawu. Adakhazikitsa bwalo la chipukutamisozi, National Compensation Tribunal, loti amene adamangidwa popanda mlandu, kulandidwa katundu kapena kuthamangitsidwa m'dziko akalandireko kanthu. Dr Banda nawo mu Januwale 1996 adapepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa za m'nthawi ya ulamuliro wawo. Bwalo lija adalipatsa zaka khumi, ndipo lidatsekedwa mu 2004 anthu masauzande asanalandire zawo, ena atangolawitsidwa pang'ono. Mu 2017 Ombudsman Martha Chizuma adafukula nkhaniyi, nalamula kuti boma lipepese ndi kumaliza kulipira. Odikira ena anali atatsikira kale kulichete, mapepala awo ali m'sutikesi pansi pa bedi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti ife a ku Dedza tidaonetsapo kuti njira ina tikuidziwa. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula cha m'ma 1986, anthu a ku Angonia ndi madera ena a ku Mozambique adakhamukira kuno atasenza mphasa ndi miphika. Dziko lathu lidasunga anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo kuno ndi ku Ntcheu ambiri sadalowe m'makampu, adalowa m'midzi. Mfumu inkaloza malo, eni mudzi nabwereketsa nkhwangwa ndi zikwakwa, mlendo naimika kanyumba kake kuseri kwa nkhokwe ya mwini khomo. Zowawa zinalipo ndithu: nkhuni zidasowa, mapiri adayera, ndewu za pa mjigo sizinkasowa. Koma udzu unkaperekedwa munthu asanafunsidwe kuti kwawo ankatsata mbali iti. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri adabwerera, nasiya kuno zibwenzi, maukwati ndi ana. Njala ikatigwira kuno, njinga zimaoloka malire kukasuma chimanga kwa omwe aja. Kupatsa n'kuika.

Ku America kuja kuli nkhani yomwe ndimafuna adzukulu anga aidziwe, chifukwa nthambi yake idafika mpaka kuno. Mu 1942 mlaliki wina wachizungu wa mpingo wa Baptist, Clarence Jordan, amene adaphunziranso za ulimi, adatsegula famu pafupi ndi tauni ya Americus m'chigawo cha Georgia, pamodzi ndi mkazi wake Florence ndi banja la Martin ndi Mabel England. Famuyo adaitcha Koinonia. Lamulo la pamenepo linali lalifupi: wakuda ndi woyera alandire malipiro ofanana, ndipo adyere pa tebulo limodzi. M'dera lija nthawi imeneyo kudyera pamodzi kokhako kunali kuputa mavu. Mpingo wawo udawachotsa mu 1950. M'zaka za 1956 ndi 1957 amalonda adawanyanyala, osawagula, osawagulitsa ngakhale feteleza. Sitolo yawo ya m'mphepete mwa msewu idaphulitsidwa, zipolopolo zinkalowa m'nyumba usiku, a Ku Klux Klan nabwera ndi mdipiti wa magalimoto kudzawaopseza. Adapulumukira pa mtedza wa pecan, womwe ankagulitsa kudzera pa positi kwa anthu akutali.

Kenaka malamulo adasintha. Lamulo la ufulu wa anthu, Civil Rights Act, lidasainidwa pa 2 Julayi 1964, patatsala masiku anayi kuti ife tikweze mbendera. Loletsa tsankho pogulitsa ndi pobwereketsa nyumba lidabwera mu Epulo 1968, patangotha sabata Martin Luther King ataphedwa. Koma Jordan atayang'ana anansi ake akuda adaona kuti ufulu ali nawo, inde, komabe akugona m'zisakasa zodontha pa minda ya eni ake, amene angawachotse tsiku lililonse. Mu 1968 iye ndi Millard Fuller, munthu amene adataya chuma chake mwadala, adayamba kumanga nyumba mwa njira yawoyawo. Wosauka asapatsidwe ulere, koma agulitsidwe nyumba pa mtengo womangira, popanda phindu, popanda chiwongoladzanja, azilipira pang'onopang'ono. Mwini wakeyo akhetse nawo thukuta pa nyumba yake ndi pa ya mnzake, ndipo ndalama zomwe akubweza zimangire wina. Jordan adamwalira mu 1969 nyumba yoyamba isanathe. Fuller ndi mkazi wake Linda adakayesa njirayi ku Mbandaka m'dziko la Zaire kuyambira mu 1973, ndipo mu 1976 adakhazikitsa Habitat for Humanity, bungwe lomwe lidafika m'Malawi mu 1986. Nyumba za Habitat zomwe mumaziona m'midzi yathu muzu wake ndi umenewo, mkangano wa kuti adye ndi yani.

Ine chachilendo sindichiona m'njira ya Jordan. Ndi dima lomwe lija. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga sudachokere kumaloto. Denga la nkhokwe, ngakhale la nyumba yozungulira, linkamangidwa pansi, phaso ndi mbariro zolukidwa ndi luzi, kenaka amuna a m'mudzi ankalinyamula n'kulikhazika pamwamba, amayi ataphika thobwa. Pansi pa denga lolemera sakanganirapo. Wa Gule ndi wa Sinodi ya Nkhoma, Mkatolika wa ku Kasina ndi Msilamu wochokera kwa Tambala, Mchewa ndi Mngoni, onse ankaika phewa pamodzi, poti mmodzi akataya, denga ligwera onse. Anthu omwe atuluka thukuta chomwecho amavutika kudana mawa lake, ndipo palibe adawaitanitsa msonkhano wa chiyanjano.

Boma lidayesako kulowa m'dima limeneli. Joyce Banda adabwera ndi Mudzi Transformation Trust mu 2013. Peter Mutharika kumapeto kwa 2014 adayambitsa sabuside ya malata ndi simenti, yoti mabanja 80 m'dera la phungu aliyense, m'madera onse 193, azilandira zipangizo, theka la mtengo n'kukhala ngongole. Malata ena adafikadi, ndipo eni ake adagona tulo dzinja limenelo. Koma taganizirani mabanja 80 pakati pa anthu masauzande makumimakumi. Wolandira ankayeneranso kukhala ndi njerwa zake ndi pobwezera ngongole. Gogo wolera ana amasiye m'nyumba ya mdindo yong'ambika akadazitenga kuti, kupatula ochepa omwe ankapatsidwa ulere? Za njerwa zootcha ndisayambe, poti nkhalango ya Chongoni ikundimva. Madandaulo adamveka m'madera ambiri kuti mndandanda unkatsata nsalu ya chipani, ndipo ngongole zambiri sizidabwezedwe, poti anthu ankati ndi mphatso ya ndale. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Thandizo logawidwa mokondera limasiya mudzi utagawikana kuposa momwe lidaupezera: nyumba ya malata uku, ya udzu wovunda uko, pakati pake nsanje ndi kunenezana ufiti.

Tsopano ndifike pa chilonda chomwe chikadatuluka magazi. Tsankho la khungu loopsa kwambiri lomwe latsala pakati pathu si la mzungu ndi wakuda. Ndi la mwana wotuluka m'mimba mwa mlongo wako, wa khungu lachialubino. Kalembera wa 2018 adapeza abale athu oterewa oposa 134,000. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 adayamba kubedwa, kuphedwa, manda awo kufukulidwa, chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Mu Epulo 2016 Ikponwosa Ero, katswiri wa bungwe la United Nations yemwenso ndi wachialubino, adabwera kuno nachenjeza kuti zikapitirira anthuwa atha m'dziko muno. Chaka chomwecho aphungu adakhwimitsa zilango. Komabe mu Febuluwale 2019, m'boma lathu lomwe lino la Dedza, anthu adathyola nyumba usiku natenga mnyamata wa zaka 14. Mmodzi mwa oganiziridwa adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mlandu usanathe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission lidapeza kuti adazunzidwa. Pa mlandu umodzi adaponderedwa maufulu awiri, wa mwana ndi wa woimbidwa mlandu, ndipo zomwe munthu uja ankadziwa zidapita naye. M'milandu yambiri yotere m'dziko muno mwapezeka wachibale: malume, bambo womupeza, mnansi wodziwa mbali yomwe mwana amagona. Mwambi woti chibale ndi fupa sichiola umandilemera pakamwa ndikafika pamenepa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A bungwe la anthu achialubino la APAM sadakhale chete. Mu Malichi 2019 adayenda m'misewu ya Lilongwe kulunjika ku nyumba ya boma, ndipo mwa zomwe akhala akupempha muli mafuta oteteza khungu ku dzuwa, milandu kuzengedwa msanga, ndi nyumba zolimba. Chifukwa cha pempho lomalizali achidziwa aliyense wogona m'mudzi. Chitseko cha mapesi chokoleka ndi waya sichiletsa munthu. Khoma la zidina lomwe lamwa mvula limabooleka ndi khasu popanda galu kuuwa. Zenera lotseka ndi chiguduli ndi khomo lachiwiri. Boma lidagawa timaalamu toliza pa ngozi, koma alamu imaitana anthu, siitseka pakhomo. Lidalonjezanso kumanga nyumba za anthu achialubino, ndalama n'kumaikidwa mu bajeti. Zina zamangidwadi, koma ntchitoyi ikuyenda ngati nkhono, ndipo zomangidwazo n'zochepa poyerekeza ndi ozifuna. Mu 2021 Overstone Kondowe, amene adatsogolerapo APAM, adasankhidwa kukhala phungu ku Nkhotakota, woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo. Chimenecho n'chachikulu, ndipo ovota a kumeneko ayamikidwe. Koma mayi amene amagona khutu lili kuchitseko sadayambebe kupeza tulo.

Pali china chomwe ndimaopa pa nyumba zimenezi. Kontalakita akachokera ku tauni ndi lole yake, namanga nyumba yokongola kumapeto kwa mudzi, nachoka, anansi amayamba kunena kuti awo ndi a boma. Banja lomwe linkasalidwa chifukwa cha khungu layamba kusalidwanso chifukwa cha malata, ndipo likakuwa usiku anthu amayamba aganiza kaye. Simenti, malata, mafelemu achitsulo ndi loko zichokere ku boma kapena ku bungwe, poti ife ndalama zake tilibe. Koma nyumbayo iime pakati pa mudzi, ndipo mchenga, miyala, madzi ndi manja zichokere kwa ife. Munthu amene adaponda dothi la khoma lija amaliyesa lake, ndipo akamva khasu usiku adzadzuka. Mnzako akapsa ndevu mzimire.

Nkhanga zidapangana kusanapse. Nyengo yomanga kuno ndi yaifupi: udzu umamwetedwa moto usanalowe m'tchire, njerwa zimaumbidwa kuyambira mphepo ya Juni ndi Julayi ikamazizira mpaka mitambo ya Okutobala isanayambe kusonkhana. Magulupu ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi safunika kudikira kalata ya kwa DC kuti ayambe. Mndandanda uwerengedwe mokweza pabwalo, osati m'nyumba mwa wapampando, ndipo aliyense amve chifukwa chomwe uyu watsogolera uja. Banja la mwana wachialubino likhale loyamba. Patsatire mayi wamasiye amene abale a mwamuna adamusasulira malata maliro atangotha, ngakhale lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kutero ndi mlandu. Patsatire mnyamata amene adathawa zipolowe za ku Joni mu 2008 kapena mu 2015 n'kufika kuno ndi chikwama chokha. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli nkhalamba ya Mboni yomwe nyumba yake idapsa mu 1972, ena mwa oyatsa aja akadali moyo, ndipo mudzi ukuwadziwa. Ana awo ali ndi ngolo, mchenga uli ku Linthipe.